Shopu ya Kutsidya kwa Chimbalangondo

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo ndi a kuchipatala basi. Mumsewu monse anthu ankangoti a Chisanu, chifukwa ntchito yawo inali yokonza mafiriji, ndipo iwo ankavomera dzinalo mokondwa ngati anabadwa nalo. Anali munthu wamfupi, wamimba yotsogola, wadazi lowala. Pensulo sinkachoka kukhutu kwawo, ngakhale palibe amene anawaonapo akulembera. Ntchito yake inali kukanda kumsana ndi kuloza anthu olakwa.

Luso lawo analitenga kwa mmisiri wina wokalamba amene anawaphunzitsa kumvetsera firiji monga dokotala amvetserera chifuwa. Ankagunditsa khutu pambali pake, n'kutsinzina, mwini wake ali chilili kudikira chigamulo. "Iyi gasi wathawa," ankatero. Kapena, "Iyi yangotopa, sinafe." Kapenanso, "Iyi ilibe vuto, mayi. Vuto ndi ana anu otsegulatsegula."

Koma anali ndi matenda amodzi amene akazi awo analephera kuwachiza: sankapirira chinthu cholembedwa bodza. Akafuna kusungira misomali m'chitini cha mkaka, ankayamba apala mawu onse a mkakawo ndi mpeni. Tsiku lina akazi awo anathira mchere m'chigubu cholembedwa kuti shuga, ndipo a Chisanu anakhala pakhonde manja ali m'khwapa, osakhudza chakudya, mpaka mcherewo unasamutsidwa.

Shopu yawo inali chipinda chachitali, chazenera lalikulu, pakati pa wogulitsa matayala akale ndi nyumba yosungiramo simenti. Mkati mwake mafiriji odwala ankaima pamzere, ena opanda zitseko, ena atagonekedwa chagada. Munkanunkha dzimbiri, labala wopserera, ndi zakudya zimene eni ake anaiwala kutulutsa. Pamwamba pa khomo panali chikwangwani chachikulu chamalata, cholembedwa zilembo zobiriwira: ANTAKITIKA. Dzinali analitola pa wailesi. Wolengeza ankanena za dziko lina la kumunsi kwenikweni kwa dziko lapansi, kwa madzi oundana okhaokha, kozizira kuposa kwina kulikonse. A Chisanu anazimitsa wailesi pomwepo kuti wina asawalande dzinalo.

Pambali pa zilembozo panaima chimbalangondo choyera. Wojambula zikwangwani amene anachijambula anali asanaonepo chimbalangondo. Anaonera pa juzi ya mwana wake, yochapidwachapidwa mpaka kufufutika. Chimene chinatuluka chinali ndi thupi la nkhumba yonenepa, mutu wa galu, ndi maso a munthu amene wangouzidwa kuti basi yamusiya. Chinaima ndi miyendo iwiri, dzanja limodzi lili m'mwamba. A Chisanu anachikonda kuyambira tsiku loyamba. Loweruka lililonse ankakwera makwerero ndi ndowa ya madzi a sopo, n'kumachisambitsa uku akucheza nacho. "Mkulu, fumbi lakuvutani sabata ino," ankatero. Ndipo anthu a m'dera lonselo, polondolera mlendo, sankavutika ndi dzina lovuta lija. Ankangoti, "Mukafunse pa chimbalangondo."

Zinthu zinayenda choncho zaka zambiri, mpaka mwana wawo wamkazi, amene anali namwino, anapeza mwamuna wofuna kumukwatira. Anali mphunzitsi wa kusekondale, wamtali, woonda, wamagalasi, munthu wofatsa ndithu. Chilema chake chinali chakuti akachita mantha, ankayamba kufotokoza zinthu. Namwinoyo ankamudziwa bwino, choncho pomutumiza kukapereka moni kushopu anamulangiza kuti, "Ukapereke moni, ukayamikire ntchito yawo, ukatseke pakamwa."

Mphunzitsi anafika masana, atavala tayi padzuwa. A Chisanu anamulozera firiji yogonekedwa kuti akhalepo, iwo n'kupitiriza kumasula kansomali kumbuyo kwa ina. Moni unatha. Kuyamikira ntchito kunatha. Kenako kunangoti zii, ndipo chete ameneyo anamukulira mnyamatayo.

"Dzina la shopuyi n'labwino kwambiri, bambo," anatero.

"Ndinasankha ndekha."

"Lilinso ndi mbiri yake."

Akanathera pomwepo bwenzi nkhani yonseyi kulibe. Koma a Chisanu anadzutsa mutu, ndipo mphunzitsi ataona maso awo mantha anamugwira.

"Ndi mawu a Chigiriki, bambo. Agiriki chimbalangondo ankachitcha akitosi. Ndiye kumpoto kwenikweni kwa dziko kunatchedwa Akitiki, ngati kunena kuti kwa chimbalangondo. Tsono akaika kamawu koti anti kutsogolo, ndiye kuti moyang'anana nacho, mbali inayo. Antakitika ndiye kuti kutsidya kwa chimbalangondo."

A Chisanu anagwedeza mutu mokhutira. "N'chifukwa chake ndinachiika pamenepo."

"Eya, bambo. Chosangalatsa n'chakuti kumeneko kulibe chimbalangondo ngakhale chimodzi. Zoyera zija zili kumpoto. Ku Antakitika kuli mbalame zina zosauluka, zoyenda choimirira ngati azibambo ovala majekete akuda. Amati mapengwini."

Sipanala inagwa pansi, n'kugubudukira kunsi kwa firiji. Palibe anaitola.

"Tabwerezani."

Mphunzitsi anabwereza, mawu akuchepera.

"Ndiye mukuti zaka zonsezi ine ndakhala ndikunamiza anthu pamwamba pa khomo langa lomwe?"

"Ayi, bambo, si choncho. Palibe amene amadziwa zimenezi."

"Inu mukudziwa. Ine ndadziwa. Agiriki akudziwa." Anachotsa pensulo kukhutu n'kuloza kukhomo. "Pitani bwino, aphunzitsi. Za mwana wanga tidzakamba nkhani iyi ikatha."

Kunyumba akazi awo anamvetsera zonse uku akupinda zovala. Anali mayi wosachedwa pa nkhani.

"Fufutani galu wanuyo, basi."

"Si galu."

"Ndiye sinthani dzina."

"Dzinalo munalisoka nokha kumsana kwa ovolosi yanga. Ndiyende ndi dzina lina pakhomo, lina kumsana?"

"Ndiye khalani chete ngati anthu ena onse. Mwanayu wapeza mwamuna wosamwa mowa, inu mukumuthamangitsa chifukwa cha Agiriki? Anakugulanipo firiji Agirikiwo?"

M'mawa mwake anaitana wojambula uja, amene tsopano anali ataimera imvi. Iye anaima pamsewu, nayang'ana ntchito yake yakale maso atafinya. "Zosavuta izi," anatero. "Ndingochiika mlomo wa mbalame, manjawa ndiwasandutse mapiko, kumsana ndidetse. Pofika madzulo muli ndi pengwini wanu." A Chisanu anayang'ana m'maso achisoni a chimbalangondo chija, naganiza za mlomo wa nkhuku pankhope imeneyo, ndipo anam'perekeza wojambulayo mpaka pamphambano kuti atsimikize kuti wapitadi ndi utoto wake.

Anavutika masiku angapo. Ankalowa mushopu atazyolika, osafuna kuonana ndi mkuluyo. Loweruka linadutsa osamusambitsa. Ndiye m'mawa wina ali chiimire pakhomo, akung'ung'udza okha kuti "kutsidya kwa chimbalangondo, kutsidya kwa chimbalangondo," maso awo anawoloka msewu n'kukagwera pakhoma loyera la shopu ya telala. Anaseka mokweza mpaka wamatayala anatuluka kudzaona.

Telalayo anali mayi wamasiye, wathupi, wamawu aakulu, tepi yoyezera ili m'khosi ndi mapini pakamwa tsiku lonse. Shopu yake inali kachipinda kakang'ono, kamdima, kokwana makina amodzi ndi benchi. Zaka zonsezi iye ndi a Chisanu ankangopatsana moni wa dzanja.

"Mayi, ndabwera kudzapempha khoma."

Telala analavulira mapini m'manja. "Khoma?"

A Chisanu anafotokoza zonse, kuyambira pa akitosi mpaka pa mbalame za majekete. Ngati dzina likuti kutsidya kwa chimbalangondo, ndiye chimbalangondocho chikhale uku, shopu ikhale uko, ndipo palibe amene adzanamizidwenso.

"Ndiye akutumani ndi Agirikiwo?"

"Sananditume, koma akunena zoona."

Mayiyo anatuluka, nayang'ana chimbalangondo kutsidya kwa msewu nthawi yaitali, mutu atapendeketsa. "Khomalo tengani," anatero. "Koma pakhomo pa telala sipaima munthu wosavala."

"Si munthu, mayi."

"Chaima ndi miyendo iwiri. Anthu adzati telala wake ndi wotani, wolephera kuveka ngakhale wapakhomo pake. Chikabwera kuno chivala."

Tsiku lomwelo a Chisanu anatsitsa chikwangwani, nachidula pakati ndi lumo la malata, mosamala kuti asakhudze chala cha mkuluyo. Zilembo anazibwezera pamwamba pa khomo. Chimbalangondo anachisenza pamutu n'kuwoloka nacho msewu, magalimoto akuimba mahutala, woyendetsa wina akukuwa kuti, "Achikulire, galu wanuyo m'mangeni chingwe!" Anachikhomera pakhoma la telala, nabwerera kwawo, nakhala pampando. Anawerenga dzina la shopu yawo chamumtima, nayang'ana kutsidya, ndipo mtima unakhala pansi.

Telala sanachedwe. Anakhoma timisomali m'mapewa ndi m'chiuno mwa chimbalangondo, nachisokera kajekete kopanda manja ka nsalu zotsala. Popeza chinali chamalata, chinkangofunika mbali yakutsogolo yokha, ndiye ntchito inali yopepuka. Sabata yotsatira chinavala yunifolomu ya sukulu. Kenako malaya a maluwa. Kenako suti yakuda ndi kaduwa pachifuwa. Anthu anayamba kupatuka kudzaona chimene chavala Lolemba limenelo, ndipo akafika pakhomo ankalowa. "Mundisokere ngati chavala chimbalangondo," ankatero amayi, "koma muchepetse m'chiuno." Benchi ija inayamba kuchepa.

Kwa a Chisanu zinayenda mwina. Anthu ankalondolerabe alendo kuti pa chimbalangondo, ndiye anyamata okankha ngolo ankafika thukuta lili kamukamu n'kutsitsa mafiriji pakhomo pa telala. Mayiyo ankangoloza ndi sizasi kutsidya, osadzutsa mutu. Ena ankakana. "Anandiuza kuti pa chimbalangondo, ine ndafika," anatero bambo wina, nakhala pa firiji yake. Telala anatuluka ndi tepi, nayeza firijiyo m'litali ndi m'mimba, nafunsa kuti, "Mukufuna ya manja aatali kapena aafupi?" Bamboyo anawoloka.

Owoloka aja ankafunsa chifukwa chake, ndipo a Chisanu sankabisa. Ankachotsa pensulo kukhutu n'kuyamba, "Agiriki chimbalangondo ankachitcha akitosi." Mayi wina amene nyama yake inali kusungunuka anamvetsera mpaka pa anti, kenako anakwezanso firiji yake pangolo n'kupita kwa mmisiri wina.

Panabukanso china. Munthu amene kale sankatuluka mushopu tsopano ankakhala pakhomo maso ali kutsidya, akumwetulira yekha. Loweruka ankawoloka ndi ndowa, n'kukhala kumeneko nthawi yaitali, chifukwa mkuluyo ankayenera kuvulidwa, kusambitsidwa, kuuma, n'kuvekedwanso. Wamatayala anazitchula kwa mkazi wake mongocheza, ndipo nkhani inakafika kunyumba kwa a Chisanu itanenepa. Tsiku lina akazi awo anabweretsa okha chakudya cha masana, nawapeza ali pampando, nkhope ili ngwee. Tsiku limenelo chimbalangondo chinali chitavala diresi yofiira.

"Mukumwetulira ndani?"

"Taonani mmene yamukhalira."

"Yamukhalira ndani?"

Sanadikire yankho. Anaika mbale pafiriji, nakonza mpango kumutu, nawoloka msewu osayang'ana galimoto. A Chisanu anaimirira, n'kukhalanso, n'kuimiriranso. Kutsidyako kunali zii. Patapita nthawi kunamveka kuseka, koyamba kwa munthu mmodzi, kenako kwa awiri, kuseka kogwirana mapewa. Akazi awo anabwera akupukuta misozi, kansalu kachitsanzo kali m'manja.

"Mayi uja akuti akanakhala wofuna mwamuna, sakanayambira pa wocheza ndi malata," anatero. "Idyani, zazizira."

Kuyambira pamenepo amayi awiriwo anakhala pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo, ndipo a Chisanu anazindikira kuti kukayikiridwa kunali bwino kusiyana ndi kusekedwa mbali zonse ziwiri za msewu.

Namwino uja anali atatopa kudikira. Anauza mayi ake, mayi ake anauza bambo ake, ndipo a Chisanu anatumiza mawu kuti mphunzitsi abwere adzaone mmene zinthu zakonzedwera. Ulendo uno mnyamatayo analumbira kwa bwenzi lake kuti mawu ake adzakhala eya ndi zikomo basi.

A Chisanu anamuimika pakhomo, namuonetsa zilembo pamwamba, namuonetsa chimbalangondo kutsidya, chimene tsiku limenelo chinavala jasi ya mvula. "Tsopano zili bwino?"

"Eya, bambo. Zikomo."

"Mwayankha msanga. Nenani zoona, aphunzitsi. Mwana wanga sangakwatiwe ndi munthu wabodza."

Mphunzitsi anaona kuti wapanikizika: akanama ataya mkazi, akanena zoona atayanso mkazi. Anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi, nawavalanso.

"Pali tinthu tiwiri tating'ono, bambo. Koyamba n'kakuti chimbalangondo cha Agirikiwo sichinali nyama. Ndi gulu la nyenyezi za kuthambo la kumpoto, zimene iwo ankaziona ngati chimbalangondo. Mawuwo analipo kalekale, munthu asanalione n'komwe dziko la madzi oundanalo."

A Chisanu anaganiza pang'ono. "Nyenyezi si vuto. Tidzaika mababu. Kachiwiri?"

"Kachiwiri n'kakuti chimbalangondocho chili kumpoto, Antakitika kummwera." Anatulutsa foni, natsegula kampasi yake yolozera mbali za dziko. Kamuvi kanazungulira, kanagwedezeka, kenako kanaima. Kumpoto kunali kumbuyo kwawo, mkati mwa shopu ya mafiriji. Kummwera kunali kwa telala.

A Chisanu anatenga foniyo, naigwedeza, naitembenuza, nayenda nayo mpaka kwa wamatayala n'kubwerako. Kamuvi sikanasinthe maganizo.

"Ndiye kuti," anatero pang'onopang'ono, "Antakitika ndi mayi atelala."

"Mwa njira ina, bambo, tingatero, koma palibe amene..."

"Ndipo ine ndakhala kumpoto zaka zonsezi osadziwa."

Anawoloka msewu pomwepo, foni ya eni ake ili m'manja.

Telala anamvetsera mapini ali pakamwa. A Chisanu atafika pa mfundo yoti asinthane mashopu, mapini aja anatsala pang'ono kumezedwa. Mayiyo anayang'ana kachipinda kake kamdima, m'mene ankalowetsa ulusi m'singano mongoyerekeza, nayang'ana zenera lalikulu kutsidya.

"Aneba, mwaganiza bwino?"

"Ndaganiza."

"Ndiye tisachedwe, mungasinthe maganizo. Agirikiwa ndayamba kuwakonda."

Mwini nyumba zonse ziwiri anali mkulu mmodzi wogontha pang'ono, amene anangoti bola asataye makiyi. Akazi awo a Chisanu ndiwo anakhala pansi n'kugwira kumutu. "Mwapereka chipinda chachikulu, cha zenera, chifukwa cha anthu amene anafa kalekale. Ine ndikanadziwa ndikanakwatiwa ndi wogulitsa makala." Koma tsiku losamuka anali oyamba kufika, atamanga nsalu m'chiuno, chifukwa mnzawo ankafunika thandizo lopachika makatani.

Tsiku limenelo msewu unatsekeka. Mafiriji ankawoloka kupita kummwera, ena pangolo, ena pamapewa a anyamata a kusimenti. Makina osokera, benchi ndi mitolo ya nsalu zinkawoloka kupita kumpoto. Pakati pa msewu firiji ina inatseguka yokha n'kukhuthula masipanala onse a a Chisanu, ndipo magalimoto anadikira mpaka yomaliza itatoledwa. Mphunzitsi anasenza nawo, tayi ataiponyera kumsana, osatsegula pakamwa ngakhale chitseko cha firiji chitamufinya chala. Wapolisi wa pamsewu anafika atakwiya, nafunsa kuti mwini chipwirikiti chimenechi ndani. A Chisanu anapita kutsogolo, nachotsa pensulo kukhutu. Wapolisiyo anamvetsera za akitosi, za anti, za nyenyezi ndi za kampasi. Kenako anavula chipewa, nakanda m'mutu, nati, "Zatsala zingati?" Anagwira nawo mbali imodzi ya firiji yaikulu kuti zithe msanga.

Pomaliza penipeni chimbalangondo chinawolokanso, chili ndi jasi yake ya mvula, n'kukakhomedwa pa mabowo ake akale omwe aja. Zilembo zinapita kummwera. Wamatayala anaima n'kuyang'ana uku ndi uku. "Ndiye kuti galuyu wabwerera pamalo pake, wasamuka ndinu?" anafunsa. A Chisanu anati ndi momwemo, ndipo sanaone chosekesa.

Kachipinda katsopanoko sikanakwane ngakhale theka la mafiriji. Ena anawasanjikiza mpaka kudenga, ena anaima pakhonde atafunditsidwa mapepala a pulasitiki, ndipo a Chisanu ankagwirira ntchito panja, matako ali mumsewu, njinga zikuwalambalala. Sanadandaule ngakhale tsiku limodzi. Nkhani ya nyenyezi anaikonzanso monga analonjezera. Anazula timababu ta m'mafiriji akufa, natibowolera paphewa, pamsana ndi pamchira pa chimbalangondo, n'kulumikiza ku kabatani ka chitseko cha firiji kamene anakamangirira pachitseko cha telala. Munthu akatsegula chitseko, chimbalangondo chinkayaka, akatseka, chinkazima. Ana a sukulu anatsegulatsegula chitsekocho mpaka telala anayamba kusunga ndodo pambali pa makina.

Ukwati unachitika chaka chomwecho, ndipo suti ya mkwati inali yofanana ndendende ndi imene chimbalangondo chinavalapo kale, yongochepetsa m'chiuno. Koma mayi a mkwatibwi anaika lamulo limodzi m'banjamo: mkamwini asadzafotokozenso tanthauzo la mawu alionse apongozi ake aamuna akumva. Pachakudya, mphunzitsi akangokoka mpweya n'kuyamba kuti, "Chosangalatsa n'chakuti," mayiwo ankamuwonjezera chakudya m'mbale n'kumuyang'ana mpaka atayamba kutafuna. M'zaka zochepa munthu woonda uja ananenepa.

Zaka zinapita. Msewu unathiridwa phula latsopano, wamatayala anamwalira, zidzukulu zinabadwa n'kuyamba sukulu. Telala analemba atsikana awiri omuthandiza, koma maso ake anapitirira kufooka ngakhale panali zenera lalikulu, mpaka mwana wake wamwamuna anati basi, amayi apume, akakhale naye ku mzinda umene ankagwirako ntchito. Masana ena mayiyo anawoloka msewu pang'onopang'ono, nakhala pa firiji ya pakhonde. Zinthu zonse anali atagawa kale. Chinatsala chinali chimodzi.

"Nanga mkuluyu?" anatero. "Ndi wanu, sindikukana. Koma zovala zake zadzaza sutikesi. Amene akubwera m'chipindamu ndi wogulitsa mafoni, akuti khoma lonse alipaka chikasu."

A Chisanu anayang'ana kutsidya. Utoto woyera unali utayamba kusuwa, khutu limodzi litadyedwa ndi dzimbiri. Kenako anatembenukira kwa mayiyo.

"Kumene mukupitako ndi mbali iti?"

"Ine ndidziwa bwanji? Ndi kumene basi imapita."

Anatumiza uthenga kwa mkamwini, ndipo akazi awo analoleza kuti kamodzi kokhaka ayankhule. Mphunzitsi anafika, nayang'ana pafoni, nayang'ana apongozi ake aakazi kuti atsimikize, kenako anati, "Ndi kumpoto, bambo. Kutali ndithu, koma kumpoto."

"Ndiye m'tengeni, mayi," anatero a Chisanu. "Kwawo n'komweko."

Anachitsitsa okha, ngakhale mawondo ankakana makwerero. Anachikulunga ndi bulangete la kunyumba limene akazi awo ananamizira kuti sanalione, nachimangirira m'lole pakati pa matiresi ndi makina osokera. Woyendetsa anamulangiza katatu konse za mabampu, mpaka munthuyo anafunsa ngati muli magalasi. Lole itanyamuka anaima pakati pa msewu mpaka wanjinga anawaimbira belu.

Anagwirabe ntchito m'kachipinda kaja zaka zingapo, mpaka msana unakana kuwerama. Khoma la kutsidya linakhaladi lachikasu, ndipo iwo anatembenuza mpando wawo kuti uziyang'ana kumene magalimoto amachokera. Telala ankaimba foni kawirikawiri kucheza ndi mnzake, ndipo akatha miseche yawo yonse, akazi awo ankawapatsira foniyo. Chimbalangondo chinali pakhonde la kuseri, anatero mayiyo, pamene mvula sifika, ndipo zidzukulu zake zinkachiopa.

"Kuno kwatentha masiku ano," anawauza tsiku lina. "Ndachivula jekete."

"Mwachita bwino, mayi," anatero a Chisanu, foni ataigwira ndi manja awiri. "Koma chipewa chokha musachotse. Dzuwa limamusuwitsa pamutu."